Malire a Wokonza Nyimbo ndi Wopeka Nyimbo

Munthu akatenga mbale ya galamafoni nayang'anitsa pakati pace, aona kuti pansi pa dzina la nyimbo pali dzina lina lolembedwa ndi malemba ang'onoang'ono. Ambiri saliwerenga, pakuti mtima wao uli pa kubvina. Koma limenelo ndilo dzina la mwini nyimbo, ndipo ndalama zimene nyimboyo ipindula m'masitolo, pa wailesi ndi m'kanema zilondola dzina lomwelo. Pa mbale zina palembedwa kuti nyimboyo ndi ya makolo, koma uje ndiye anaikonza; pa zina uje angolemba dzina lace monga mwini. Pamenepa pabuka funso: kodi kukonza nyimbo ya makolo kulekeza pati, ndipo kupeka nyimbo yatsopano kuyambira pati? Funso limeneli si la anthu ophunzira okha iai. Cifukwa ca kusaliyankha bwino, banja lina la ku Johannesburg linakhala mu umphawi zaka zoposa 60, pamene nyimbo ya atate wao inali kulemeretsa anthu ena tsidya lija la nyanja.

Coyamba cimene wowerenga ayenera kucigwira ndi ici: palibe nyimbo imene inamera yokha ngati bowa. Nyimbo iri yonse ya pamtondo, ya cimtali, ya ngoma kapena ya pamaliro inatuluka tsiku lina m'kamwa mwa munthu mmodzi. Mai wina posinja anadandaula za mwamuna wace amene anapita ku migodi osatumiza ngakhale kalata. Mnzace wa pamtondo anabvomera. M'mawa mwace nyimboyo inamveka kudambo, ndipo pakutha pa mwezi inali itafika ku midzi ina. Amene anailandira anacotsa dzina la mwamunayo naikapo la amuna ao. Patapita zaka dzina la mai uja linaiwalika, koma nyimbo inatsala. Cotero mau akuti "nyimbo ya makolo" atanthauza nyimbo imene mwini wace anaiwalika. Satanthauza kuti mwini panalibe. Pamudzi zimenezi sizinabvute munthu, cifukwa nyimbo sinali malonda. Mlandu unayamba pamene anafika makina ojambula mau, nyimbo nisanduka katundu wogulitsa.

Pa nyimbo pali anchito atatu: woimba, wokonza ndi wopeka. Kusiyana kwao kuoneka bwino pa nchito ya woumba mbiya. Dongo la kudambo liribe mwini. Mkazi ali yense angathe kukakumba. Kaumbidwe nakonso ndi ka onse, pakuti mtsikana aphunzira kwa amace ndi kwa ambuye ace. Koma mbiya imene wina waiumba ndi manja ace ndi yace, ndipo anthu a pamudzi aizindikira poona khosi lace ndi mlomo wace. Wina akaigula naipaka cikule, naiika pa nkhata yatsopano, waikometsa ndithu, koma sanganene kuti anaiumba. Momwemonso pa nyimbo. Dongo ndilo zinthu za onse: kutsogolera ndi kubvomera, kaombedwe ka m'manja, kaliridwe ka ng'oma, ndi do, re, mi wa kusukulu. Mbiya ndiyo maimbidwe a nyimbo imodzi, ndiko kunena kukwera ndi kutsika kwa liu kumene munthu angathe kukutsata ndi mluzu wokha popanda mau. Wopeka aumba maimbidwe. Wokonza awapeza oumbaumba nawakometsa. Woimba apereka nyimboyo kwa anthu.

Nchito ya wokonza siyenera kunyozedwa, ndipo dziko la Zambia lidziwa bwino ubwino wace cifukwa ca Alick Nkhata, amene anabadwa m'caka ca 1922 namwalira m'caka ca 1978. Atabwerako ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, Nkhata anagwira nchito ndi Hugh Tracey, amene anali kuyendayenda kujambula nyimbo za m'midzi. Pambuyo pace analowa nchito pa wailesi ya ku Lusaka, imene masiku amenewo inali kuulutsira mau ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Ndiyo nthawi imene mawailesi otsika mtengo aja ooneka ngati poto, amene anayamba kugulitsidwa m'caka ca 1949, anali kulowa m'nyumba za anthu. Nkhata anapeka nyimbo zace zace, koma anatenganso nyimbo za m'midzi, naziika pa gitala, nazigawa mau monga acita a kwaya. Nchito yotere ifuna khutu labwino. Nyimbo ya pabwalo iyenda kufikira obvina atatopa, koma mbale ya masiku amenewo inali kutha pa mphindi zitatu, ndipo wokonza anayenera kudziwa cotaya ndi cosunga. Mwa njira imeneyi nyimbo zimene zikanathera m'dera limodzi zinamveka kwa anthu a zinenero zina. Akulu sananame ponena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Komabe nkhalamba ya kumudzi ikamva nyimbo yotere siisokera: gitala ndi wacilendo, koma mbiya ndi yomwe ija.

Palinso nchito ina imene iri pakati, ndiyo kuika mau atsopano pa maimbidwe a munthu wina. Enoch Sontonga, mphunzitsi wa pa sukulu ya mishoni pafupi ndi Johannesburg, anapeka Nkosi Sikelel' iAfrika m'caka ca 1897, ndipo m'caka ca 1927 mlembi wa ndakatulo Samuel Mqhayi anaonjezapo ndime 7. Pamene Zambia inalandira ufulu m'caka ca 1964, inatenga maimbidwe a Sontonga kukhala nyimbo ya pfuko, ndipo mau amene iimba pa maimbidwewo ndi ena, olembedwa ndi anthu angapo; Tanzania nayonso iimba maimbidwe omwewo ndi mau a Ciswahili. Amene analemba mau ndiwo eni mau, ndipo palibe wowatsutsa. Koma maimbidwe akali a Sontonga. Apa paoneka kuti nyimbo iri ndi mbali ziwiri, mau ndi maimbidwe, ndipo mbali iri yonse ingathe kukhala ndi mwini wace.

Tsono mlandu umene uonetsa malirewa poyera koposa yonse ndi wa nyimbo yochedwa Mbube, ndiko kunena mkango m'Cizulu. Solomon Linda anabadwa m'caka ca 1909 m'dera la Msinga ku Natal, pakati pa anthu oweta ng'ombe. M'caka ca 1931 anapita ku Johannesburg kukafuna nchito, ndipo kumeneko anatsogolera gulu la oimba lochedwa Evening Birds, limene linali kupikisana ndi magulu ena m'maholo a anthu anchito pakutha pa sabata. M'caka ca 1939 gululi linalowa m'nyumba yojambulira mau ya kampani ya Gallo nilijambula Mbube. Anthu anaikonda nyimboyo kotero kuti pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mbale monga 100,000 zinali zitagulidwa, ndipo kaimbidwe konse ka magulu otere kanayamba kuchedwa mbube. Linda anapereka umwini wa nyimboyo kwa kampani pa masheleni 10, nagwira nchito yolongedza mbale m'nyumba ya kampani yomweyo.

Kodi Linda anakonza, kapena anapeka? Zambiri za m'nyimbo yace anazipeza ziripo kale. Kubwerezabwereza kwa obvomera pansi, mtsogoleri alikuyendayenda pamwamba pao, ndiko kaimbidwe ka nyimbo za ukwati ndi za magule a kwao. Kugawa mau monga kwaya kunacokera ku chalichi ndi ku sukulu za mishoni, ndiponso kwa oimba akuda a ku America amene Orpheus McAdoo anayenda nao m'South Africa m'zaka za m'ma 1890. Nyimbo yonse iyenda pa do, fa ndi so, monga ziyendera nyimbo zikwizikwi. Zonsezi ndi dongo. Koma Linda anaculukitsa oimba besi kuti pansi palemere, iye mwini naimba pamwamba ndi liu lopyapyala ngati la mkazi. Ndipo ca kumapeto kwa mbale anatulutsa kamzere kakafupi ka maimbidwe kamene anakapeka pomwepo alikuimba. Kamzere kameneko, pamodzi ndi mayendedwe a besi, ndiyo mbiya. Zipangizo zinali za Azulu onse, koma nyimbo inali ya Solomon Linda, munthu wamoyo wokhala ndi dzina, mkazi ndi ana.

Patapita zaka monga khumi mbale imodzi inafika ku New York, ndipo Alan Lomax, wosonkhanitsa nyimbo za m'midzi wa ku America, anaipereka kwa woimba Pete Seeger. Seeger anaimvetsera nalemba maimbidwe ace pa pepala. Koma posadziwa Cizulu anamva molakwa liu limene obvomera anali kubwereza, ndipo nyimboyo inatuluka ndi dzina lopanda tanthauzo lakuti Wimoweh. Gulu lace, lochedwa The Weavers, linaijambula pamodzi ndi oimba malipenga a Gordon Jenkins, ndipo m'caka ca 1952 inachuka ku America. Pamalo pa mwini nyimbo panalembedwa dzina lakuti Paul Campbell. Munthu wa dzina limeneli kunalibe. Linali dzina lopeka limene gululo ndi osindikiza nyimbo ao anali kulemba pa nyimbo zimene anaziyesa zopanda mwini, kuti ndalama za wokonza zibwere kwa iwo. Seeger anacita nchito ya wokonza, ndipo anaicita bwino. Colakwa cinali pa kuyesa kuti nyimbo yocokera ku Africa iyenera kukhala ya makolo basi. Mwini wace atazindikira zoona anatumiza madola 1,000 kwa Linda, koma ndalama zazikulu zinapitirira kuyenda njira yace yomwe ija.

M'caka ca 1961 anyamata a ku New York ochedwa The Tokens anafuna kujambula nyimbo yomweyo, ndipo oyang'anira ao, Hugo Peretti ndi Luigi Creatore, anaitana mlembi wa nyimbo George David Weiss kuti aikonze. Weiss anali ndi khutu lakuthwa. Anaona kuti cuma ca nyimboyo ciri pa kamzere kaja ka kumapeto. Anakatenga nakaika patsogolo, nakabveka mau a Cingerezi, ndipo kubwereza kwa obvomera anakusandutsa mayankho a pakati pa ndime. Nyimboyo inachedwa The Lion Sleeps Tonight, ndipo m'mwezi wa December caka comweco inaposa nyimbo zonse za ku America pa malonda. Pa mbale panalembedwa maina atatu, la Weiss, la Peretti ndi la Creatore. Caka cotsatira, 1962, Linda anamwalira ndi nthenda ya impso ali mmphawi, ndipo manda ace anakhala zaka 18 opanda mwala wa cikumbutso.

Apa ndipo pafunika ciweruzo cosakondera. Amene anena kuti Weiss anangoba alakwa. Mau a Cingerezi ndi ace. Kamangidwe ka ndime ndi mayankho ndi kace. Ndipo kuona kuti kamzere kamene kamveka kanthawi kocepa kangathe kusenza nyimbo yonse ndi nzeru imene si onse ali nayo. Koma amene anena kuti Weiss anapeka nyimbo yatsopano alakwa koposa. Muyeso wace ndi wapafupi, ndipo mwana wa sukulu angathe kuucita. Acotse mau, acotse malipenga ndi zokometsera zonse, aimbe nyimboyo ndi mluzu wokha. Pamenepo afunse kuti cotsalaco ndi ca yani. Pa The Lion Sleeps Tonight cotsala ndi kamzere ka Linda. Pa Wimoweh cotsala ndi ca Linda. Koma pa Mbube cotsala ndi cimene Linda anaumba. Ndiwo malire: ngati zoonjeza zikacotsedwa nyimbo yakale iimirira yokha, munthuyo ndi wokonza, ngakhale zoonjeza zace ziculuke bwanji, ngati zikacotsedwa patsala dongo lokha, munthuyo ndi wopeka, ngakhale nyimbo yace imveke ngati ya kumudzi.

Coonadi cimeneci cinacedwa kufika. M'caka ca 1994 kampani ya Disney inaika nyimboyo m'kanema wa The Lion King, ndipo ndalama zinaonjezeka. M'caka ca 2000 mtolankhani wa ku South Africa, Rian Malan, analemba mbiri yonse m'magazini ya Rolling Stone, nawerengera kuti nyimboyo inali itapindula madola monga 15 miliyoni, pamene ana aakazi a Linda anali kusauka ku Soweto. Loya wina, Owen Dean, anapeza cothandiza m'lamulo lakale la ufumu wa Britain la m'caka ca 1911, limene linati umwini umene wopeka anaugulitsa ubwerera kwa olowa nyumba ace pakutha pa zaka 25 cimwalirire iye. Mlandu unalowa m'bwalo ku South Africa m'caka ca 2004, ndipo m'caka ca 2006 unatha ndi cipangano: kampani ya Abilene Music, imene inali kusunga umwini wa nyimbo ya Cingereziyo, inabvomera kulipira banjalo, kubvomereza kuti nyimboyo inacokera ku Mbube, ndi kuwerengera Linda pamodzi ndi opeka ace. Cipanganoco sicinafafanize dzina la Weiss, ndipo sikukanakhala kolungama kulifafaniza. Cinangobwezera dzina limene linasowa.

Wina angatsutse kuti muyeso wa mluzu upeputsa mau, ndipo kutsutsa kumeneku kuli ndi mphamvu. Pamtondo mai akaika mau atsopano pa maimbidwe akale, anzace anena kuti wapeka nyimbo, cifukwa cimene ciwakhudza ndi mau. Ndiponso m'Cinyanja mau ali ndi kukwera ndi kutsika kwao kwao, monga aonetsera mau aja akuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa m'sitolo, amene alembedwa cimodzimodzi koma achulidwa mosiyana. Wosintha mau a nyimbo akakamizidwa kawirikawiri kupindanso maimbidwe kuti mau asamveke opotoka. Akasintha ndime iyi lero ndi iyo mawa, tsiku lina apeza kuti nyimbo yakale yatha ndipo m'manja mwace muli ina. Malire ameneyo safanana ndi mpanda. Afanana ndi mtsinje wa m'dzinja umene gombe lace lisuntha. Koma kubvuta kwa kuloza gombe sikutanthauza kuti tsidya lino ndi tsidya lija ndi malo amodzi. Pamene pali cikaiko, njira yolungama ndiyo kuchula mbali zonse ziwiri: mau ndi a uje, maimbidwe ndi a uje, kapena a anthu a mudzi wakuti.

Phunziro lalikulu la mlandu wa Linda ndi lakuti mau akuti "ya makolo" sanenedwa pa nyimbo za anthu onse mofanana. Nyimbo ya munthu wophunzira, yolembedwa pa pepala ndi kusindikizidwa, palibe amene aiyesa yopanda mwini. Koma nyimbo ya munthu wosauka, yosungidwa m'mutu, ichedwa ya makolo msanga, pakuti kutero kupindulitsa woitola. Dzina la Linda silinali lobvuta kulipeza, popeza linali pa mbale yomweyo imene inafika ku New York. Cimene cinasowa ndi mtima wofuna kufunsa.

Ndipo cenjezo limeneli silipita kwa anthu a ku America okha. Mnyamata amene watsiriza sukulu, nagula gitala, napita kumudzi pa chuti, adzamva nyimbo yokoma pa cimtali kapena pa ukwati. Akabwerera ku Lusaka kapena ku Chipata naijambula, nalembapo dzina lace lokha monga wopeka, wacita kwa mudzi wace cimene ena anacita kwa Linda. Ndipo mlandu wace ukula, cifukwa iye adziwa cinenero, adziwa njira, ndipo angathe kufunsa. Nthawi zambiri akafunsa adzapeza kuti nyimbo imene anaiyesa ya makolo inapekedwa zaka zocepa zapitazo ndi mai amene akali moyo kuseri kwa dambo. Kumufunsa mai ameneyo, kulemba dzina lace ndi kumupatsa gawo lace sikucepetsa ulemu wa wokonza. Ngati mwini anaiwalikadi, alembe kuti nyimboyo ndi ya anthu a dera lakuti, ndipo iye ndiye anaikonza. Dzina la wokonza liri ndi ulemu wace, ndipo munthu waluso adziwika nalo.

Kulinso kulakwa kwa mbali inayo, ndiko kuopa kutenga kanthu kali konse kwa makolo poyesa kuti wopeka weniweni ayenera kuyamba wopanda kanthu m'manja. Wopeka wotere sanabadwe. Linda sakanapeka Mbube akanapanda kukula akumva nyimbo za ukwati za ku Msinga, ndipo Nkhata sakanapeka nyimbo zace akanapanda kuchera khutu ku nyimbo za m'midzi. Dongo liripo kuti likumbidwe, ndipo wacinyamata amene adziwa magule a kwao ali ndi cuma cimene sacigula. Atenge kaliridwe ka ng'oma, atenge kutsogolera ndi kubvomera, atenge miyambi ndi kalankhulidwe ka akulu, naumbe cace. Koma akapeza mbiya youmbaumba, aikometse monga angathe, ndipo pofika pa malo aja a malemba ang'onoang'ono alembe dzina la amene anaiumba.